ANTHU AMENE ANADZA KUDZATIWERENGA

Madzulo ano ndifuna kukamba za mtundu wina wa alendo. Tonse timdziwa mlendo wodza ndi mfuti, mlendo wodza ndi Buku Lopatulika, ndi mlendo wodza ndi kaundula wa msonkho. Koma panali mlendo wacinai, amene anadza ndi pensulo ndi kabuku cabe, nakhala pansi pa mtengo, nayamba kufunsa mafunso. Sanagule kanthu, sanagulitse kanthu, ndipo pocoka sanasenze mbuzi kapena nkhuku. Anangotenga mau athu ndi ciwerengero cathu. Funso langa ndi ili: kodi zimene anatengazo zinanka kuti, ndipo ndi zingati zimene zinabwerera kwa eni ace?

TSIKU LIMENE KUNADA USANA

Tiyambe ndi nkhani imene mwana ali yense wa Mngoni aidziwa. Akulu anasunga m'mitima mwao kuti tsiku limene Zwangendaba anaoloka Zambezi ndi anthu ace, ca kufupi ndi Zumbo, kunada usana ngati usiku. Caka cace sanacidziwe monga ciwerengedwa pa kalendala, pakuti iwo anali kuwerenga nthawi ndi nkhondo, njala ndi mibadwo ya mafumu. Koma za mdimawo sanakayike konse. Atate anauza mwana, mwana nauza mdzukulu.

Tsono kadamsana acitika pamene mwezi upita pakati pa dzuwa ndi dziko, ndi kugwetsa mthunzi wace pansi pano. Mthunzi wakuda biiwo uli wopapatiza, sufika ngakhale mamailo 200 m'mimba mwace, ndipo uthamanga pa dziko ngati kanjira. Mwezi ndi dziko siziyenda cisawawa ai. Zitsata malamulo amene Isaac Newton anawalongosola mu 1687, ndipo kadamsana wofanana abweranso patapita zaka 18 ndi masiku 11. Cifukwa cace munthu wodziwa masamu akhoza kuwerengera m'tsogolo ndi kunena tsiku limene dzuwa lidzada, akhozanso kubwerera m'mbuyo ndi kunena tsiku limene linada kale, ndi malo amene mthunzi unadzera.

E. H. Lane Poole, amene anagwira nchito ya boma ku dera lino la Kum'mawa, anatenga mau a akulu aja nawalinganiza ndi mawerengedwe a akatswiri a nyenyezi, ndipo analemba za nkhaniyi mu 1930. Kadamsana woyenerana ndi malowo ndi nyengoyo anali wa mwezi wa November 1835. Taonani tsono. Katswiri wa nyenyezi analidziwa tsikulo, koma sanadziwe kuti pa tsikulo mtundu wathunthu unali pa gombe la mtsinje. Nkhalamba ya m'mudzi inadziwa za kuolokako, koma tsikulo sinalidziwe. Awiriwo atakomana, tinapeza limodzi la masiku owerengeka a mbiri yathu yakale amene tingawaloze ndi cala. Ine ndinali kamnyamata ka sukulu pa 21 June 2001, pamene mthunzi wotere unadzera pa Lusaka kwa mphindi zitatu ndi pang'ono. Kwathu kunangocita cizirezire, koma kucokera tsiku lomwelo sindinasekenso nkhani ya agogo.

KUWERENGA NTHAKA

Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, anadzakhazikika m'dziko lino la mapiri ca m'ma 1870. Mu January 1898 asilikari a Angelezi anathyola mphamvu ya Angoni. Nsingo, mwana wa mfumu, anaphedwa, ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, ndipo pambuyo pace panamangidwa boma la Fort Jameson, limene lero ticha Chipata. Kampani ya North Charterland inati dziko la masikweya mailo 10,000 linali lace, potsamira pa cilolezo cimene Carl Wiese ananena kuti analandira kwa Mpezeni. Nthaka yabwino inasanduka mafamu a fodya, ndipo ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 Angoni ndi Acewa anaunjikidwa m'madera opatulidwira anthu akuda. Kumeneko minda inaguga, mitengo inatha, ndi mvula inakumba zigwembe m'mbali mwa mapiri. Ambiri a inu akumva, agogo anu ananyamuka nthawi imeneyo kunka ku Harare, ku Joni ndi ku migodi, pothawa njala ndi kufuna ndalama ya msonkho.

Mu 1941 boma linagula dziko lija kwa kampani, ndipo panabuka funso: kodi m'dziko lakuti muyenera kukhala anthu angati kuti nthaka isafe? Apa panagwira nchito masamu a William Allan, wa dipatimenti ya malimidwe. Njira yace ingamveke ndi fanizo. Tiyerekeze kuti munthu mmodzi adya za pa ekala imodzi caka ciri conse, ndi kuti munda ulimidwa zaka 4 ndi kugona zaka 12 kuti conde cibwerere. Pamenepo munthuyo asowa maekala 4, imodzi yolima ndi atatu ogona. Ngati theka la dzikolo liri miyala ndi madambo osalimika, asowa maekala 8. Mu sikweya mailo imodzi muli maekala 640, comweco mukhoza kukhala anthu 80. Mukaikamo 200, minda sidzagona, ndipo ana adzalandira mcenga.

Kodi akulu a m'midzi sanadziwe zimenezi? Anadziwa ndithu, ndiwo anali kuona nkhokwe zirikucepa caka ndi caka. Koma ku boma dandaulo la nyakwawa linali lopepuka, ndipo nambala yolembedwa pa pepala inali yolemera. Ili ndi phunziro loyamba lowawa la nkhani yathu: nambala ikhoza kukupulumutsa, ikhozanso kukusamutsa, ndipo mphamvu iri m'dzanja la iye wogwira pensulo.

MUNTHU WA MASAMU PAKATI PA ANGONI

Mu 1937 ku Livingstone kunakhazikitsidwa bungwe lofufuza za makhalidwe a anthu, la Rhodes-Livingstone Institute. Mtsogoleri wace woyamba, Godfrey Wilson, anakafufuza za moyo wa anchito ku Broken Hill, ndiko ku Kabwe: malipiro ao, zakudya zao, ngongole zao ndi zobvala zimene anali kutumiza kwao. Akulu a mgodi sanakondwe kuona Mzungu atakhala pansi ndi anchito, ndipo anamletsa kulowa m'komboni. Wolowa m'malo mwace, Max Gluckman, anatumiza ofufuza ku mitundu yosiyanasiyana itatha nkhondo yaciwiri.

Amene anatumidwa kwa Mpezeni mu 1946 anali John Barnes. Munthu ameneyu anayamba waphunzira masamu ku Cambridge asanaphunzire za miyambo, ndipo maso ace anali a wowerenga. Koma maso okha sakamba ndi nkhalamba. Anafunika munthu wodziwa kuomba m'manja pamaso pa nduna, wodziwa funso lofunsika pa bwalo ndi funso loyenera kuseri kwa nkhokwe. Munthuyo anali mnyamata Mngoni, Matshakaza Blackson Lukhero, amene anayamba monga womasulira. Dzina ili mulisunge, tidzabwereranso kwa iye.

Masiku amenewo kunali kukambidwa kwambiri kuti maukwati alikutha cifukwa amuna acuruka ku migodi. Koma kutha kwace kunali kotani? Barnes anaona kuti anthu awiri akhoza kuwerenga mudzi umodzi ndi kupeza mayankho osiyana, onse awiri osanama. Tiyerekezenso. M'mudzi wina tawerenga maukwati 100: 50 akalipo, 30 anatha ndi imfa, 20 anatha ndi kusudzulana. Woyamba adzati osudzulana ali 20 mwa 100. Waciwiri adzati, "Iai, maukwati amene akalipo sitidziwa mathero ace, tiwerenge okhawo anatha," ndipo adzapeza 20 mwa 50, ndiko kuti 40 mwa 100. Wacitatu adzacotsa otha ndi imfa, pakuti wakufa sasudzula, ndipo adzapeza 20 mwa 70, pafupifupi 29 mwa 100. Mudzi ndi womwewo, koma wofuna kuopsa anthu adzachula 40, wofuna kuwatonthoza adzachula 20.

Mu 1949 Barnes analemba pepala lolongosola njira zimenezi, kuti wofufuza ali yense azinena poyera njira imene watsata, ndi kuti Angoni asalinganizidwe ndi Alozi kapena Ayao pa miyeso yosiyana. Ofufuza a m'maiko ena anazitsata njirazo zaka zambiri. Kuti afike pamenepo anayenera kufunsa amai ndi abambo mmodzi mmodzi: munakwatiwa kangati, malobolo anaperekedwa kodi, ana anatsala ndi yani? Kuona maso a nkhono nkudekha, anatero akulu. Mabuku ace awiri a za Angoni anaturuka mu 1951 ndi 1954, loyamba la za ukwati, laciwiri la za ufumu.

MTENGO WA MTONDO NDI MUNSI

Zaka zomwezo kunadzanso mai wina wa ku England wodziwa za cuma, Phyllis Deane. Nchito yace inali kuwerenga cuma conse cimene Northern Rhodesia ndi Nyasaland zinali kupanga pa caka. Za mkuwa sizinabvute, pakuti makampani anali ndi mabuku. Za fodya wa m'mafamu sizinabvute. Bvuto linali kumudzi. Njira zowerengera cuma ca dziko zinapangidwira maiko kumene munthu agula buledi m'sitolo ndi kulipira lendi ya nyumba. Nanga cimanga cimene banja lalima ndi kudya lokha, osapita naco pa msika, cilembedwe pa mtengo wanji? Nanga nyumba imene munthu amanga ndi abale ace powaphikira mowa?

Ndipo coposa zonse, nanga nchito ya amai? Mai wa ku Kasenengwa akonola, asinja, apeta, atunga madzi, atola nkhuni, afulula mowa, ndipo palibe amlipira. Cimanga cikapita ku cigayo, mwini cigayo alandira ndalama, ndipo buku la boma liti cuma cakula. Cimanga comweco cikasinjidwa mu mtondo, buku likhala cete, cinkana ufa uli womwewo. Mai Deane sanakhutire ndi mapepala a m'maofesi. Anakakhala m'midzi pamodzi ndi ofufuza a bungwe lija, ndipo buku lace la 1953, Colonial Social Accounting, linaonetsa poyera kuti muyeso wocokera ku Ulaya sunali kukwana pa moyo wathu. Kufikira lero akatswiri a za cuma akali kulimbana ndi funso la nchito yosalipidwa ya amai.

Inu a ku migodi lingalirani apa. Pamene agogo anu anali pansi pa nthaka ku Nkana, ndani anali kudyetsa ana ao ndi makolo ao okalamba? Anali mai wa mtondo uja. Malipiro a mgodi anakhoza kukhala ocepa cifukwa mudzi unali kusenza theka la katundu, koma thekalo silinaoneke m'buku la kampani.

UKONDE WA ANTHU

Atacoka kuno, Barnes anakafufuza pakati pa asodzi a ku Bremnes, m'dziko la Norway. Mu 1954 analemba kuti moyo wa anthu ufanana ndi ukonde: munthu ali yense ndi mfundo, ndipo cibale, cibwenzi ndi cinansi ndizo zingwe zolumikiza mfundozo. Apa masamu ace anamthandizanso, pakuti zingwe zikhoza kuwerengedwa. Ungafunse kuti munthu uyu ali ndi zingwe zingati, ndi kuti anzace adziwana okhaokha kapena iai. M'mudzi pafupifupi onse adziwana, ndipo ukonde uli wa maso ang'ono. M'tauni anzako a ku nchito sadziwa anzako a ku chalichi, ndipo ukonde uli wa maso akuru.

Anzace a pa bungwe lija anatenga ganizo limeneli nabwera nalo m'matauni mwanu. A. L. Epstein analiyesa ku Ndola, ndipo Clyde Mitchell, amene analembapo za gule wa kalela ku Luanshya mu 1956, anasonkhanitsa buku lathunthu la nkhaniyi mu 1969. Lero ana athu ali pa Facebook, ndipo makina a kompyuta awerenga zingwe za anthu mamiliyoni ndi masamu a mtundu womwewo. Koma ndani wa inu afunika kuuzidwa za ukonde? Munafika pa siteshoni ndi kakalata ka kwa mlamu. Mlamuyo anakutengerani kwa kapitao wa kwanu, kapitao nakupezerani nchito. Munaudziwa ukondewo ndi mapazi anu usanalembedwe m'buku.

KODI MAU ANABWERERA?

Tafika tsopano pa funso lathu lija. Mabuku onse ndachulawa analembedwa m'Cingelezi covuta ca akatswiri, nasungidwa m'masukulu akuru akutali. Nkhalamba imene inapereka maina a makolo ace tsiku lathunthu sinamve konse cimene cinaturuka m'mau ace. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma akameta nacoka nako, eni mudzi atsala monga kale. Sitidabwa tsono kuti pa nthawi ya Federation, imene inayamba mu 1953, anthu ambiri anayesa wofunsa mafunso ali yense kazitape wa boma.

Njira yobwezera mau inalipo. Mu 1949 kunadza kawailesi kochipa kaja kooneka ngati sefuliya, kamene Harry Franklin wa ofesi ya zofalitsa nkhani anapangitsa ku kampani ya Ever Ready, ndipo kanali kugulidwa pa mapaundi 5, batire lace padera. Kucokera ku Lusaka anthu anayamba kumva za umoyo ndi malimidwe m'Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi. Akukamba pa wailesi anaphunzira msanga kuti kumasulira nzeru za akatswiri siyo nchito ya mwana. Ukangotembenuza liu ndi liu, womvera atseka wailesi. Uyenera kuyamba wamvetsa wekha, ndi kufuna fanizo la m'munda kapena la pa mtondo limene linyamula coonadi osacipotoza.

Koma kubwerera kweni kweni kunadza ndi ana a mudzi. A Lukhero aja sanathere pa kumasulira. Anapitiriza nchito yofufuza m'matauni, ndipo mu 1966 pepala lao la za anthu ophunzira a m'komboni ya Harare linasindikizidwa m'buku la akatswiri, pa dzina lao. Mwambo wa Nc'wala, umene unazima Angoni atagonja mu 1898, unauka mu 1980, ndipo iwo anali mmodzi wa ogwira nchito youukitsa, nalembanso buku la mwambowo. Luso lofunsa akulu ndi kulemba mosamala, limene analiphunzira ponyamula kabuku ka mlendo, analibweza pa bwalo la Nkhosi ya Makhosi. Bungwe lija nalonso linalowa m'manja mwa University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ndipo lero lichedwa Institute of Economic and Social Research.

Citsanzo cina ciri pakhomo pathu pomwe, pa malo ofufuzira za malimidwe a Msekera, kufupi ndi Chipata. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ofufuza a kumeneko, pamodzi ndi a bungwe la ICRAF, anabwerera ku funso lomwe lija la Allan. Ngati malo ogoneka munda zaka zambiri kulibenso, kodi munda ungagone zaka ziwiri zokha ndi kudzuka ndi conde? Anayesa kubzala mitengo yokula msanga monga jerejere, imene mizu yace ikoka cakudya ca mbeu kucokera mu mpweya ndi kucisiya m'nthaka, ndipo cimanga cobzalidwa pambuyo pace cinabereka koposa ca m'munda woguga. Cosiyana ndi kale cinali cakuti kuyesako kunaturuka mu mpanda wa Msekera ndi kulowa m'minda ya alimi eni ace, amene anasintha zina monga anaonera, ofufuza naphunzira kwa iwo. Ndipo inu amene mwabzalapo nsawa za MGV4, dziwani kuti M ameneyo aimira Msekera.

ZIMENE TIRI NAZO M'MANJA

Kasenengwa linakhala boma pa lokha mu 2018, ndipo mu 2022 owerenga anthu anayenda khomo ndi khomo m'Zambia monse, napeza kuti tapitirira mamiliyoni 19. Pa manambala otere ndipo paweruzidwa kumene kudzamangidwa cipatala, sukulu ndi mjigo. Amene abisa ana ace kwa wowerenga abisa mpando wao wa m'kalasi.

Comweco ndiri ndi zopempha ziwiri. Wofufuza akafika pakhomo panu ndi kabuku kapena ndi foni, mpatseni mpando ndi kumyankha zoona. Koma asanacoke mumfunse mwaulemu: "Kodi mayankho ace tidzawamva liti, kuti, ndipo m'cilankhulo canji?" Funso limeneli makolo athu sanapatsidwe mpata wolifunsa. Ndipo inu amene mwatuma mwana ku sukulu yaikuru ndi ndalama ya thukuta la pansi pa mgodi, akabwera pa chuthi musamuope cifukwa ca mabuku ace. Muuzeni akhale pa mphasa ndi kufotokozera agogo ace m'Cinyanja cimene alikuphunzira, kaya ndi masamu, kaya za cuma, kaya za nyenyezi. Akalephera, abwerere akawerengenso. Agogowo akamdula pakamwa ndi kumuuza za munda umene unagona zaka khumi, kapena za caka ca dzombe, atenge pensulo alembe.

Sabata ya mawa, nthawi yonga yomwe ino, tidzakamba za mseu waukuru wa Kum'mawa ndi mlatho wa pa Luangwa.